In-amp yosadya batire koma yofika 100 kHz: zitheka?

Tiyamike: Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi vuto landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndikupanga kachipangizo koyeza kunjenjemera kwa shafiti ya makina. Ndamata ma strain gauge (timasensa tosintha resistance chitsulo chikapindika) anayi a 350 Ω, olumikizidwa kukhala bridge yathunthu, ndipo ndikufuna gain ya 100 (kukuza siginolo ka 100) ndi bandwidth ya 100 kHz (ma frequency onse mpaka pamenepo azidutsa). Chonsecho chiyendera batire pa 3.3 V, ndiye amplifier ndinaiikira malire akuti isapitirire 500 µA. Nditaona kuti INA333, yomwe ndi in-amp (instrumentation amplifier, yokuza kusiyana kwa voltage pakati pa mawaya awiri), imangodya 50 µA ndinati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndalumikiza, ndalowetsa sine wave kuchokera ku function generator, koma ndikangopitirira 3 kHz siginolo ikuyamba kufota, pofika 20 kHz n'kuti itatsala kachinthu kakang'ono. Kodi ndagula yabodza, kapena ndalakwitsa pena?

Thoko: Si yabodza achimwene, ili bwinobwino. Tsegulani datasheet muone pamene alemba za bandwidth. Pa gain 1 ndi 150 kHz, pa gain 10 ndi 35 kHz, pa gain 100 ndi 3.5 kHz. Mwayeza ndendende zomwe anakulonjezani. Chipangizocho anapangira zinthu zoyenda pang'onopang'ono, monga sikelo, thermocouple kapena ECG.

Tiyamike: Aaa, ine ndinangoona 150 kHz ija patsamba loyamba n'kutseka. Manyazi andigwira.

Dalitso: Tonse tinadutsamo bwanawe. Tsamba loyamba analemba ndi amalonda, mainjiniya amayambira tsamba lachisanu.

Nyirenda: Musachite manyazi, koma timvetse chifukwa chake, kuopa kuti mawa mungagulenso ina n'kugwera m'dzenje lomwelo. Liwiro la amplifier limagulidwa ndi current. Transistor ya bipolar ili ndi gm (transconductance, kusintha kwa current pa volt iliyonse yolowa) yofanana ndi current yake kugawa ndi 26 mV kukakhala kutentha wamba kwa m'chipinda. Mukaipatsa 10 µA, gm ikhala pafupifupi 385 µS. Ikani capacitor ya compensation ya 20 pF, gain-bandwidth yanu ituluka cha m'ma 3 MHz. Gawani ndi gain ya 100, mwatsala ndi 30 kHz. Palibe matsenga apa. Mukafuna liwiro lowirikiza katatu, muwonjezere current katatu kapena muchepetse capacitor, ndipo capacitor ili ndi polekezera amplifier isanayambe kudziyimbira yokha.

Palinso slew rate, liwiro lomwe output ingasinthire voltage, yomwe anthu amaiwala. Sine wave ya 1 V peak pa 100 kHz imafuna 2π kuchulukitsa 100 kHz kuchulukitsa 1 V, zomwe ndi 0.63 V pa microsecond. Ma amplifier ambiri a micropower safika pamenepo. Mutha kupeza woti bandwidth ya siginolo yaing'ono ikukwanira, koma mukakweza siginolo, sine wave isanduka makona atatu.

Tiyamike: Zikomo achikulire, ndamva. Ndiye kuti in-amp iliyonse ndikakweza gain ka 100, bandwidth itsika ka 100?

Thoko: Ayi, si zonse. Zina mbali yolowera anaimanga mwa current feedback. M'menemo bandwidth imadalira kwambiri resistor ya feedback ya mkati ndi capacitor yake, ndiye mukachepetsa RG, resistor yosankhira gain, kuti gain ikwere, bandwidth sigwa mofanana ndi kukwera kwa gain. INA128, ija inayamba ndi Burr-Brown kampaniyo isanagulidwe ndi Texas Instruments mu 2000, ili ndi 1.3 MHz pa gain 1 ndi 200 kHz pa gain 100, ikudya 700 µA. Gain yakwera ka 100, bandwidth yangotsika ka 6 ndi theka. AD620 ya Analog Devices imachoka pa 1 MHz kufika 120 kHz pa gain 100, current yosapitirira 1.3 mA. Vuto ndi lakuti zonse ziwirizi sizidzuka pa 3.3 V. INA128 imafuna osachepera ±2.25 V, AD620 ±2.3 V.

Dalitso: Nanga AD623? Iyo imayenda pa 3 V yokha.

Thoko: Imayenda, koma pa gain 100 ili pa 10 kHz. Pa gain 10 ndi pomwe imafika 100 kHz. AD8226 imadzuka ngakhale pa 2.2 V, imadya cha m'ma 350 µA, pa gain 10 ili pa 160 kHz, pa gain 100 ili pa 20 kHz. Ngati simukufuna kusuntha pa 3.3 V, njira yake ndi kugawa gain: in-amp itenge 10, op-amp yotsatira itenge 10 inayo. Kumbukirani kuti magawo awiri akatsatizana bandwidth imachepa. Awiri a 100 kHz aliyense amatulutsa 64 kHz basi. Ndiye gawo lachiwiri likhale lothamanga kwambiri kuposa loyamba, op-amp ya gain-bandwidth ya 3 MHz kapena kuposa.

Tiyamike: Ndiulule chinanso. Ndisanalembe pano ndinayesa kumanga yanga ya ma op-amp atatu pa breadboard, ndi ma resistor a 1% omwe ndinali nawo mu kabokosi. Liwiro linalipo, koma pa oscilloscope phokoso la magetsi a m'nyumba linali kuvina pamwamba pa siginolo, ndikangoyandikiza dzanja ku mawaya likukula.

Thoko: Gain munaiika pati, kutsogolo kapena kumbuyo?

Tiyamike: Ma op-amp awiri oyambawo ndinawasiya ngati buffer, gain yonse ndinaiika pa wachitatu. Ndinkaganiza kuti ndi chimodzimodzi.

Thoko: Si chimodzimodzi, ndipo mpamene mapangidwe a ma op-amp atatu amaonetsera nzeru zake. Gawo loyamba limakuza kusiyana kwa mawaya awiriwo ndi 1 + 2R/RG, koma common mode, voltage yomwe ili pa mawaya onse awiri mofanana, limaidutsitsa ndi gain ya 1 yokha. Gawo lachiwiri ndi lomwe limachotsera, ndipo kuchotserako kumadalira kufanana kwa ma resistor anayi. Zikavutitsitsa, CMRR (muyeso wa mmene amplifier imachotsera common mode) ya gawo limenelo ndi gain yake kuphatikiza 1, kugawa ndi tolerance kanayi. Pa gain 1, ma resistor a 1% akupatsani 50, ndiyo 34 dB. A 0.1% akupatsani 54 dB, a 0.01% 74 dB. Mukaika gain ya 100 kutsogolo, 40 dB imabwera pamwamba pa nambala imeneyo, 34 n'kusanduka 74. Mukaika yonse kumbuyo monga munachitira, masamu amati 68 dB, koma op-amp mmodziyo wasenza gain yonse yekha, ndipo phokoso ndi offset yake sizinachepetsedwe ndi gain iliyonse ya kutsogolo. Mu IC ma resistor amenewa amawasema ndi laser pa chip imodzi, amatentha limodzi, amazizira limodzi. N'chimene mumalipira mukagula in-amp yopangidwa kale.

Koma za dzanja lija, ndikukayikira breadboard ndi mawaya osapota. Phokoso likalowa waya mmodzi kuposa mnzake lasanduka kale differential, palibe CMRR ingalichotse.

Dalitso: Funso la mwana wa sukulu: bwanji osagwiritsa ya ma op-amp awiri? Op-amp mmodzi wachoka, current yatsika ndi gawo limodzi mwa atatu.

Nyirenda: Funso labwino, ndipo pa DC zimagwira. Koma taonani njira zomwe siginolo imadutsa. Ya waya mmodzi imadutsa ma op-amp awiri, ya mnzake imadutsa mmodzi. Yoyambayo imafika mochedwerako. Pa 50 Hz kuchedwako n'kochepa, koma frequency ikamakwera mbali ziwirizi sizifafanizananso, CMRR imagwa msanga. Pa ntchito ya ma kHz makumi angapo ine sindingaikhudze.

Mphatso: Ndilowererepo pang'ono, poti ine ndimakhalira kujambula za mkati mwa chip. Nkhani yomwe simunaitchule ndi phokoso, ndipo ndi limene limalamula current kuposa bandwidth. Shot noise ya transistor ya bipolar, mukaibweretsa kolowera, imakhala 0.46 nV/√Hz pa 1 mA, ndi 4.6 nV/√Hz pa 10 µA. Kuti phokoso litsike ndi theka, current ikwere kanayi. N'chifukwa chake INA333 ili pa 50 nV/√Hz, AD8226 cha m'ma 22, AD620 pa 9, pomwe AD8421 ili cha m'ma 3 koma ikudya mpaka 2.3 mA. Steyaert ndi Sansen mu 1987 anabweretsa muyeso wa phokoso wotchedwa NEF (noise efficiency factor), woyerekeza amplifier yanu ndi transistor imodzi ya bipolar yangwiro yodya current yofanana. Transistor imodziyo ndi 1, differential pair ya bipolar ndi 1.41, ma amplifier enieni amakhala pamwamba pake. Harrison ndi Charles mu 2003 anapanga amplifier yomvera mitsempha ya ubongo yodya 80 µW, NEF 4.0, koma bandwidth yake inali 7.2 kHz. Onani mtunda womwe ulipo kuti mufike 100 kHz.

Palinso mtundu wa indirect current feedback, womwe gulu la Huijsing ku Delft linaulemba mu 1993. M'malo mochotsera ndi ma resistor anayi, pali magawo awiri a gm, lina loona siginolo yolowa, lina loona yobwerera, ndipo loop imakakamiza ma current awo afanane. CMRR sidaliranso ma resistor, ndipo common mode itha kutsika mpaka pa ground. AD8420 ndi AD8237 ndi za mtundu umenewu, zimadya cha m'ma 100 µA.

Tiyamike: 100 µA! Ndiye zimenezo si zomwe ndikufunazo?

Mphatso: Pepani, ndakusangalatsani pachabe. Bandwidth yake ndi 250 kHz ndi 200 kHz pa gain 1. Pa gain 100 sizifika komwe mukufuna, ndipo phokoso lake lili pamwamba pa 50 nV/√Hz. Ndinangofuna mudziwe kuti mtunduwo ulipo.

Dalitso: aMphatso atitengera ku Delft n'kutisiya pa depoti.

Thoko: Koma mfundo yawo ya phokoso tiiwerengere, chifukwa ndi yomwe igamule. aTiyamike, kunjenjemera mukuyembekezera n'kwakukulu bwanji?

Tiyamike: Ndikuganiza cha m'ma 50 microstrain, nthawi zina kucheperapo. Gauge factor ndi 2, ndipo ma gauge onse anayi akugwira ntchito pakupindika.

Thoko: Ndiye ndi 0.1 mV pa volt iliyonse ya excitation, magetsi odyetsa bridge. Pa 3.3 V mwapeza 0.33 mV. Tsopano phokoso. Filter ya pole imodzi ya 100 kHz imadutsitsa phokoso ngati ya 157 kHz, square root yake ndi 396. AD8226 pa gain 10, tikaphatikiza phokoso la gawo lake lotulukira, ili cha m'ma 25 nV/√Hz. Kuchulukitsa ndi 396 mwapeza 10 µV rms. Siginolo yanu ikuposa phokoso ka 33 kokha, ndipo tizinthu ting'onoting'ono ta bearing yoyamba kudyeka timira m'menemo. Ndi amplifier ya 3 nV/√Hz, kuphatikiza 2.4 nV/√Hz ya thermal noise ya bridge ya 350 Ω, mukhala pa 4 nV/√Hz, ndiyo 1.5 µV rms. Kusiyana kwake ndi koposa kasanu ndi kamodzi.

Tiyamike: Koma 2.3 mA ndi pafupifupi kasanu malire anga. Batire silipirira.

Nyirenda: Mwana wanga, ndakhala ndikudikira kuti wina afunse, koma palibe wafunsa. Bridge yanuyo ikudya zingati?

Tiyamike: Bridge? Ndi ma resistor chabe...

Nyirenda: Ma resistor chabe, inde. Gawani 3.3 V ndi 350 Ω.

Tiyamike: 9.4 mA. Mayo ine.

Nyirenda: Ndi zimenezo. Mwakhala sabata yathunthu mukulondera khomo la 500 µA, mbava ikutulutsa katundu pawindo. Batire la 2000 mAh pa 10 mA litha m'maola 200, masiku asanu ndi atatu ndi kachidutswa. Muike amplifier ya 50 µA kapena ya 2 mA, kusiyana kwake ndi tsiku limodzi ndi theka. Ine ndinachitapo zofananazo ndili wachinyamata, pa chipangizo choyeza kulemera kwa thanki. Ndinasintha op-amp katatu, ndikuwotcherera mpaka mkuwa wa pa bolodi unayamba kumatuka, kenako mkulu wina amene tinkagwira naye ntchito anabwera, anadula waya wa excitation, n'kulowetsapo multimeter osanena kanthu. Anangondilozera nambala n'kupita kukakhala.

Ndiye funso lenileni ndi ili: kodi chipangizochi chiyenera kumvetsera nthawi yonse?

Tiyamike: Ayi. Chomwe tikufuna ndi spectrum kamodzi pa mphindi iliyonse. Kujambula kwa 200 ms kungakwane.

Nyirenda: Basi nkhani yasintha. Musafunenso amplifier yodya pang'ono, funani yodzuka msanga, yomva bwino, yoti igwire ntchito n'kugonanso. Kwezani magetsi afike 5 V ndi boost converter yokhala ndi mwendo wa enable. Bridge pa 5 V idya 14.3 mA, AD8421 idya 2.3 mA, zonse 16.6 mA. Yatsani kwa 250 ms pa masekondi 60 aliwonse, 50 ms zoyambazo zikhale zodikira kuti zinthu zikhazikike. Ndi 0.42% ya nthawi, ndiye pa avareji mukudya 70 µA. Tikawerengera zotayika mu converter, kuchokera ku batire la 3.6 V, zifika cha m'ma 115 µA. Mwatsika kanayi pansi pa malire omwe munaikira amplifier yokha, ndipo bridge ili momwemo. Siginolo yakweranso kufika 0.5 mV chifukwa excitation yakwera. AD8421 ili ndi 2 MHz pa gain 100, slew rate 35 V pa microsecond, ndiye za liwiro muiwale. Gain yake ndi 1 + 9.9 kΩ/RG, RG ya 100 Ω ikupatsani 100 ndendende.

Mphatso: Ndikugwirizana nazo, koma walira mvula walira matope. Boost converter imabwera ndi phokoso lake, ndipo PSRR (kukana phokoso lobwera ndi magetsi oyendetsa chip) ya amplifier iliyonse imagwa frequency ikamakwera. Choipa kwambiri ndi mode ija yopulumutsa mphamvu, pomwe converter imalumpha ma pulse katundu akachepa. Phokoso lake limatsikira m'ma kHz, mkati mwenimweni mwa bandi yomwe mukuyeza. Sankhani yoti mutha kuikakamiza kukhala pa frequency imodzi, mukweze kufika 5.5 V, kenako LDO, regulator yosalaza magetsi, itsitse pa 5 V. Phokoso lililonse la pa excitation limalowa mu siginolo molingana ndi kusalingana kwa bridge.

Thoko: Komanso 5 V ndi pansi penipeni pomwe AD8421 imayambira. Si rail-to-rail, kolowera kumafuna mpata woposa volt imodzi ndi theka kuchokera mbali iliyonse. Bridge ili pa 2.5 V, pakati, ndiye mukwana, koma mothinana. Onani chithunzi chija cha mu datasheet chooneka ngati dayamondi, choonetsa common mode ndi output zomwe zingayendere limodzi. Ma op-amp a mkati amakhala pa common mode kuphatikiza kapena kuchotsera theka la siginolo yokuzidwa, ndipo atha kugunda denga output ikuoneka ngati ili bwino. Ilibenso mwendo wa shutdown, ndiye muzimitsa magetsi ake, ndipo bridge izizima nayo limodzi kuti musakankhire current m'miyendo ya chip yozima.

Dalitso: Ine ndikadangosintha ma gauge kuika a 1 kΩ. 5 mA m'malo mwa 14.

Thoko: Akanakhala kuti sanamate, ndi nzeru yabwino, ngakhale phokoso la bridge likwera kufika 4 nV/√Hz. Koma gauge yomata kale simatuka yamoyo.

Tiyamike: Zomata kale, ndipo zinanditengera masiku awiri kupala chitsulo ndi kumata. Sindikuzigwiranso. Koma ndili ndi nkhawa ina. Bridge yanga ikakhala phee ikutulutsa kale 3 mV, kuposa siginolo kasanu ndi kamodzi. Ndinawerenga kuti mutha kuika integrator kuchokera ku output kupita ku mwendo wa REF, uja woika voltage yomwe output imayambirapo, kuti DC ichoke.

Nyirenda: Njirayo ndi yoona ndipo imagwira bwino pa chipangizo chosazima. Koma inu mukuyatsa n'kuzimitsa. High-pass ya 10 Hz ili ndi time constant ya 16 ms, kuti ikhazikike mudikira kasanu, 80 ms, bridge ikudya 14 mA nthawi yonseyo. Komanso integrator imachotsa DC pa output pokha, gawo loyamba limaionabe. 3 mV kuchulukitsa 100 ndi 0.3 V basi. Isiyeni, ADC (yosandutsa voltage kukhala manambala) iwerenge zonse, muchotse avareji mu pulogalamu. Mukadzafuna gain ina pambuyo pake, pamenepo mpoika capacitor pakati.

Mphatso: Ndipo funsani bwino amene anakupatsani 100 kHz ija. Ndi frequency yomwe akufuna kuona, kapena malo a −3 dB?

Tiyamike: Ndafunsa. Akuti zomwe akufuna kuona zimathera cha m'ma 40 kHz, 100 anangoikapo kuti pakhale mpata.

Mphatso: Mpatawo ndi woyenera. Pole imodzi ya 100 kHz, pa 40 kHz yadya kale 7% ya siginolo ndipo phase yapotoka ndi madigiri 22. Ndi amplifier ya 2 MHz, inu ndi amene musankha pomwe bandi ithere, ndi filter yanu ya anti-alias, osati chip. Kuwerengerenso memory: 200 ms pa 250 kS/s ndi ma sample 50,000, pa ma byte awiri iliyonse ndi 100 kB. Ma microcontroller ambiri ang'onoang'ono alibe RAM yotero.

Tiyamike: Ndabweranso patatha milungu itatu. Bolodi lafika, ndawotcherera, ndipo pa benchi current ya avareji ya mbali ya analog ikuwerenga pafupi ndi zomwe achikulire anawerengera. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, gain ikutuluka 110 m'malo mwa 100, RG ndaiyeza ndi 100.1 Ω. Chachiwiri, nditapita nacho pa makina enieni, inverter yoyendetsa mota itangoyaka, mu spectrum mwatuluka mzere wautali pa 8 kHz ndi ana ake pa 16 ndi 24. Ukuposa kunjenjemera komwe ndikufuna.

Thoko: REF mwaipatsa bwanji 2.5 V?

Tiyamike: Ma resistor awiri a 10 kΩ, kuchokera ku 5 V kupita ku ground. Ndinafuna kupulumutsa current ya op-amp.

Thoko: 110 yanu ndi imeneyo. Divider imeneyo ili ndi 5 kΩ mukaiyang'ana kuchokera ku REF, ndipo 5 kΩ imeneyo yaphatikizana ndi resistor ya mkati ya 10 kΩ. Mbali ya plus tsopano ikukuzidwa ndi 2 kuchulukitsa 15 kugawa 25, ndiyo 1.2, mbali ya minus ikadali pa 1. Avareji ndi 1.1. Choipa kuposa apo, common mode ikudutsa ndi gain ya 0.2, ndiye CMRR yonse yagwera pa 55 dB. Ikani op-amp ngati buffer, ndipo isakhale yaulesi kwambiri, chifukwa output impedance ya op-amp ya micropower imakwera ndi frequency, pa 40 kHz mudzabwerera ku vuto lomweli pang'ono. Izizima limodzi ndi zinazo, ndiye current yake isakudetseni nkhawa.

Nyirenda: Ndipo kolowera mwaikako chiyani chotchinga RF?

Tiyamike: Resistor ya 1 kΩ pa waya aliyense, ndi capacitor ya 1 nF kuchokera pa mwendo uliwonse kupita ku ground. X7R, a 10%. Pakati pa miyendo iwiriyo sindinaike kanthu.

Nyirenda: Achotseni muwayeze.

Tiyamike: Wina 0.94 nF, wina 1.05 nF.

Nyirenda: Kusiyana 110 pF. Mbali iliyonse ya bridge ili ndi 175 Ω, kuphatikiza 1 kΩ yanu ndi 1175 Ω. Chulukitsani 2π, 8 kHz, 1175 Ω ndi 110 pF, mupeza 0.0065, ndiyo 44 dB. Ngati inverter ikuponya 100 mV ya common mode pa chingwe chanu, filter yanuyo ikusandutsa 0.65 mV kukhala differential chip isanaone n'komwe, ndipo siginolo yanu ndi 0.5 mV. Mwagula amplifier ya CMRR yapamwamba n'kuiphera pakhomo ndi tima capacitor tiwiri. Filter yomweyo ikudulanso pa 135 kHz, pafupi kwambiri ndi bandi yanu, ndipo ma 1 kΩ awiriwo akuwonjezera 5.7 nV/√Hz, kuposa phokoso la amplifier ndi bridge pamodzi.

Tsitsani ma resistor afike 100 Ω. Opita ku ground akhale 47 pF, C0G, a 1%. Pakati pa miyendo iwiri ikani 470 pF, kakhumi kuposa enawo. Differential idula cha m'ma 590 kHz, ndipo kusiyana kwa 1 pF pa 275 Ω pa 8 kHz ndi 97 dB. Pamenepo chingwe ndi chomwe chiyambe kulamula, ndiye mawaya awiri a siginolo akhale opotana, mkati mwa shield, otalika mofanana. RG nayonso ikhale pafupi ndi miyendo yake, ndipo pansi pake muchotse mkuwa wa ground, chifukwa capacitance yosafanana pa miyendo iwiriyo imaononga CMRR ya pa frequency yapamwamba.

Dalitso: Nanga shield amange mbali imodzi kapena zonse? Ndikufunsira mnzanga.

Woyang'anira gulu: aDalitso, nkhani ya shield inatidyera mauthenga mazana chaka chatha ndipo anthu awiri anatuluka m'gulu. Tsegulani mutu wake padera.

Thoko: Ndingonena chimodzi chokhudza nkhani ino. Gauge yamatidwa pa chitsulo cha makina, pakati pali kachikopa kopyapyala ndi guluu. Imeneyo ndi capacitor pakati pa thupi la makina ndi bridge yanu. Ngati thupilo likudumpha ndi inverter pomwe ground ya bolodi lanu ikuyandama, njira ya phokoso ndi imeneyo. Yesani kulumikiza ground ya bolodi ku chitsulo pafupi ndi ma gauge, muone ngati mzere wa 8 kHz usintha.

Tiyamike: Ndasintha zonse madzulo ano. Buffer pa REF, gain yabwera pa 100.2. Filter yatsopano, mzere wa 8 kHz watsika kwambiri, ndipo nditalumikiza ground ku chitsulo monga achemwali aThoko ananenera watsikanso, tsopano uli pansi pa mizere ya magiya. Sunatheretu koma ndikuudziwa pomwe uli. Chatsala n'chakuti ma 30 ms oyamba a kujambula kulikonse mzere wa pansi ukupendekera pang'onopang'ono, ngati 20 µV tikawerengera kolowera, ngakhale makina atazima.

Nyirenda: Pa 5 V gauge iliyonse ikutentha ndi 18 mW, ndipo zinayizo sizitaya kutentha mofanana, makamaka ngati guluu wachindikala pansi pa ina. Chip nayo imakhala ikufunda. Kuti mudziwe wolakwa, chotsani bridge, ikani ma resistor anayi a 350 Ω okhazikika bwino, mujambulenso. Kupendekera kukatha, ndi ma gauge.

Mphatso: Kukakhala ma gauge, musatalikitse nthawi yodikira, mungodya batire. Kupendekera kotero kuli pa ma frequency otsika kwambiri, chotsani mzere wowongoka mu pulogalamu musanachite FFT yotulutsa spectrum, window imaliza zotsalazo.

Tiyamike: A 350 Ω ndilibe, ndili ndi a 330 Ω a 0.1% anayi. Angachite?

Nyirenda: Achita. Angotentha pang'ono kuposa, 19 mW. Asagundane, ndipo muwaphimbe ndi kabokosi kuti mphepo isawaombe pojambula.

Tiyamike: Chabwino achikulire, ndiyesa mawa m'mawa makina asanayatsidwe, ndiponya zithunzi za ma 50 ms oyamba a zonse ziwiri.